BP ndi shuga, adani awiri amene alambulira sitiroko njira ku Chanyanya

Mu mpingo wathu kuno ku Chanyanya muli bambo ena, dzina tisunga, amene kale anali odziwika ndi dimba lao la matimati ndi repu. Anali munthu wamphamvu, wa mau aakulu, wosadziwa khomo la cipatala. Caka cina anapita ku kiliniki cifukwa ca cilonda ca kuphazi cimene cinali kukana kupola. Anamwino atawapima anawapeza ndi matenda awiri pamodzi, BP yokwera ndi shuga, ndipo anawapatsa mankhwala. Anamwa mwezi woyamba ndi waciwiri, cilonda cinapola, iwo nati matenda atha. Mapiritsi otsala anawaponya m'kabati.

Tsiku lina m'mamawa, mwezi wa October, ali kulonga matimati kuti apite nao ku msika wa ku Kafue, bokosi linawapulumuka m'manja. Akazi ao anafunsa kuti, "Bambo, kodi mwatani?" Iwo anayesa kuyankha, koma mau anatuluka ngati a munthu woledzera, pakamwa patapotokera mbali imodzi. A m'banja anawagoneka pamphasa ndi kuwathira madzi kumaso. Ena anathamangira kukaitana akulu a mpingo, ena anayamba kunong'onezana za mnansi amene anakangana nao pa malire a dimba. Motoka inayamba kufunidwa dzuwa litapendeka, ndipo pofika ku cipatala kunali kutada.

Lero bambowa ali moyo, tiyamika Mulungu. Koma dzanja lamanja silinyamula kanthu, mwendo acita kuukoka, ndipo dimba lija analibwereketsa kwa ena. Mwana wao wamkazi anajomba ku sukulu temu yathunthu kuti athandize amake kuwasambika ndi kuwatembenuza.

Matenda amenewa ndi sitiroko, ena ati kufa ziwalo. Ambiri a ife tiiona ngati mphenzi yogwa popanda mtambo. Zoona zake n'zakuti sitiroko imakhala italambuliridwa njira kwa zaka zambiri, ndipo olambula aakulu ndi awiri aja anamwino anapeza tsiku la cilonda. Nkhani yabwino ndi yakuti onse awiri apimika mosavuta, ndipo onse awiri ali ndi mankhwala.

CIMENE CICITIKA M'MUTU

Alimi a kuno sangavutike kumvetsa nkhaniyi, pakuti kuyambira ca m'ma 2008, pamene nchito yothirira minda ndi madzi a mtsinje wa Kafue inafika ku Chanyanya, ambiri adziwa khalidwe la pampu ndi paipi. Paipi iononga munda m'njira ziwiri. Ikatsekeka ndi matope, mbeu za kutsogolo zifota cifukwa madzi safika. Ikaphulika, madzi akhuthukira pamalo amodzi ndi kukokolola nthaka, ndipo mbeu za kutsogolo zifotabe.

Thupi la munthu liyenda cimodzimodzi. Mtima ndiwo pampu, mitsempha ndiyo mapaipi, ndipo ubongo ndiwo munda wosapirira ludzu. Sitiroko ya mtundu woyamba, imene ndiyo yofala kwambiri, icitika pamene mtsempha wopita ku ubongo watsekeka ndi magazi oundana. Ya mtundu waciwiri icitika pamene mtsempha waphulika, magazi nakhuthukira mkati mwa ubongo. Konse kuwiri, mbali ya ubongo imene yasowa magazi iyamba kufa m'mphindi zowerengeka. Akatswiri anawerengera kuti pa sitiroko yaikulu munthu ataya maselo a ubongo pafupifupi 2 miliyoni pa mphindi iriyonse imene akhala osathandizidwa.

Mbali ya kumanzere ya ubongo ilamulira dzanja ndi mwendo wa kumanja, ya kumanja ilamulira za kumanzere. Kwa anthu ambiri nchito ya kulankhula ikhala ku mbali ya kumanzere. Ndico cifukwa cake munthu wofa dzanja lamanja kawirikawiri ataya ndi mau omwe. Dzanjalo palibe cimene lalakwa, ndipo kulitema mphini kapena kulithowa ndi madzi otentha sikufika kumene kuli vuto.

BP SIPWETEKA

BP ndi mphamvu imene magazi akankha nayo zipupa za mitsempha. Popima patuluka manambala awiri, lapamwamba ndi lapansi. Munthu wamkulu amene ali bwino apezeka ca pa 120/80. Ngati manambala afika pa 140/90 kapena kuposa, pa masiku osiyana, munthuyo ali ndi BP yokwera, imene ena ati kuthamanga kwa magazi.

Pali mabodza awiri amene atipweteka. Loyamba ndi lakuti BP imamveka, kuti ikakwera mutu uwawa kapena mtima ugunda. Anthu ambiri a BP yokwera samva kanthu konse. Alima, apalasa bwato, ayimba kwaya, pamene mitsempha ikuuma ndi kuonongeka mwakacetecete. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Bodza laciwiri ndi lakuti BP ndi matenda a anthu onenepa a m'tauni, oyenda pa motoka. Msodzi woonda wa m'mbali mwa Kafue nayenso angakhale nayo, makamaka ngati makolo ake anali nayo, ngati wapitirira zaka 40, kapena ngati akonda mcere, mowa ndi fodya.

Mu 2016 panatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa INTERSTROKE, amene anacitika m'maiko 32 kuphatikizapo a mu Africa. Anapeza kuti sitiroko 9 mwa 10 zirizonse zigwirizana ndi zinthu khumi zimene munthu angathe kuzisintha, ndipo cinthu coyamba pa mndandanda umenewo ndi BP yokwera. Kafukufuku wina waonetsa kuti kutsitsa nambala yapamwamba ndi 10 cabe kucepetsa ngozi ya sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai. Kampiritsi kamene tikanyoza kaja ndiko kagwira nchito imeneyi.

SHUGA IDYA MITSEMPHA

Matenda a shuga abwera pamene thupi lilephera kugwiritsa nchito bwino shuga wocokera m'zakudya, conco iye atsalira m'magazi. Shuga woculuka m'magazi aononga khungu la mkati mwa mitsempha. Mitsempha iuma, mafuta akangamira m'zipupa, njira icepa, ndipo magazi aundana msanga. Munthu wa shuga ali pa ngozi ya sitiroko pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa amene alibe.

Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda munthu akudya bwino, kutopa, zilonda zocedwa kupola, dzanzi kumapazi ndi kuona mwa cimbuuzi. Koma nayenso shuga angakhale m'thupi zaka zambiri osaonetsa kanthu. Popima magazi a pa cala m'mamawa munthu asanadye, nambala ya 7.0 kapena kuposa ndiyo ipangitsa a cipatala kuganizira shuga ndi kupimanso.

Tsoka lalikulu ndi pamene matenda awiriwa akumana m'thupi limodzi, ndipo akumana kawirikawiri. Pampu ikukankha mopitirira muyeso, paipi nayo yadyeka mkati. Onse awiri aononganso impso, ndipo impso zikaonongeka BP ikwera kuposa kale. N'cifukwa cake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2021, linati munthu wa shuga ayenera kuyesetsa kuti nambala yapamwamba ya BP ikhale pansi pa 130. Wa shuga aliyense azipimitsa BP paulendo uliwonse wa ku kiliniki, ndipo wa BP apempheko kupimidwa shuga.

ZIWERENGERO ZA M'DZIKO MWATHU

Mu 2017 unduna wa za umoyo, mothandizana ndi WHO, unacita kafukufuku wa STEPS m'zigawo zonse za Zambia pa anthu a zaka 18 mpaka 69. Unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo anthu 6 mwa 100 ali ndi shuga wokwera m'magazi. Ambiri anali asanapimitsepo cibadwire. Titawerengera molingana ndi ziwerengero zimenezi, mu chalichi mokhala akulu 200 pa Sondo mungakhale anthu pafupifupi 40 a BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa.

Ku cipatala cacikulu ca UTH ku Lusaka madokotala anasanthula odwala sitiroko 324 amene anagonekedwa kumeneko kumapeto kwa 2018 ndi kuciyambi kwa 2019. Odwala 8 mwa 10 alionse anali ndi BP yokwera. Akazi anali ambiri kuposa amuna. Pafupifupi mmodzi mwa anai anamwalira ali m'cipatala momwemo. Enawo anabwerera kwao, ambiri ali olumala, kukasamalidwa ndi abale.

Ziliko zimene zasintha. Mu 2018 ku UTH kunayamba maphunziro a madokotala a matenda a ubongo, oyamba m'dziko muno, ndipo mu 2023 kunatsegulidwa wodi yapadera ya odwala sitiroko. Koma Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 40 kucoka m'tauni ya Kafue, ndipo wa ku Chanyanya kapena ku Chikupi ayamba wafika kaye ku Kafue. Wa ku misasa ya asodzi ayamba ndi bwato. Kwa ife okhala kutali, cipulumutso cacikulu cili pa kuletsa sitiroko isanabwere.

PHUNZIRO LA MU 2008

Akulu onse akumbukira mtsogoleri wa dziko wacitatu, malemu Levy Patrick Mwanawasa. Mu April 2006 anadwala sitiroko yaing'ono, anakathandizidwa ku London, nabwerera pa nchito. Pa 29 June 2008, ali ku Sharm el-Sheikh ku Egypt kumene kunali msonkhano wa atsogoleri a maiko a mu Africa, anagwidwa ndi sitiroko yaciwiri. Anatengedwa pa ndege kupita ku France, ndipo pa 19 August 2008 anamwalira ali ndi zaka 59. Anaikidwa ku Embassy Park pa 3 September, tsiku limene akanakwanitsa zaka 60.

Tikumbutsa za maliro amenewa mwaulemu, cifukwa muli zinthu ziwiri zoti titolepo. Coyamba, munthu amene anadwalapo sitiroko, ngakhale yaing'ono, ali pa ngozi yaikulu ya ina, ndipo afunika kusamalidwa moyo wake wonse. Caciwiri, ubongo ukaonongeka kwambiri, ngakhale ndege ndi madokotala a ku Ulaya alephera kuubweza. Madzi akatayika saoleka. Mlimi wa ku Chanyanya alibe ndege, koma makina opimira BP pa kiliniki yake apima cimodzimodzi ndi a ku Paris.

CIFUKWA CIANI TILEKA MANKHWALA?

Tikaceza ndi anthu m'midzi, zifukwa zimveka zofanana. Ena ati apeza bwino tsopano. Ena ati nthawi yokolola kapena yobzala sangataye tsiku lathunthu pa mzere wa ku kiliniki. Asodzi apita ku misasa kwa milungu ingapo, mankhwala nathera komweko. Ena anapeza mankhwala kulibe tsiku limene anapita, ndipo sanabwererenso. Ena anagula mabotolo a zitsamba kwa ogulitsa oyendayenda amene alonjeza kutsuka magazi. Ena anauzidwa pa mapemphero kuti aciritsidwa, mapiritsi nawataya. Ndipo alipo amene akana ngakhale kuyamba, ati ukayamba mankhwala a BP suleka.

Pa mau otsirizawa akamba zoona. Mankhwala a BP monga amlodipine, nifedipine ndi enalapril, ndiponso a shuga monga metformin, glibenclamide ndi jekeseni ya insulin, sacotsa matenda. Awagwira cabe kuti asaononge. Ukaleka, manambala akwera pakapita masiku owerengeka, iwe osamva kanthu. Munthu wopeza bwino ali pa mankhwala, apeza bwino cifukwa ca mankhwalawo.

Phunziro limeneli si lacilendo kwa ife. Kuyambira ca m'ma 2005, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere, midzi yathu inaphunzira kuti pali mankhwala a tsiku ndi tsiku, a moyo wonse, ndipo anthu amene tinali titawataya mtima anadzuka nabwerera kumunda. Tinaphunzira kukumbutsana ndi kuperekezana. Nzeru yomweyo ifunika pa BP ndi shuga. Ndipo amene ali pa ma ARV asaiwale kupimitsa BP, pakuti naonso akukalamba monga wina aliyense.

Za ndalama, tikumbukire kuti boma linacotsa malipiro pa zipatala za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawacotsa pa makiliniki onse a boma. Kupima BP sikulira ndalama. Ngati mwapeza mankhwala kulibe, funsani anamwino tsiku lobweranso, kapena akulembereni dzina ndi mlingo wake kuti mukagule ku famasi yovomerezeka. Musabwereke mapiritsi a mnansi, pakuti mlingo wa munthu ndi munthu usiyana. Wopita ku msasa afotokoze ku kiliniki asananyamuke kuti atenge okwanira ulendo wonse.

Za mapemphero tikamba monga akhristu anzanu. Pempherani, ndipo imwani mankhwala. Ngati mukhulupirira kuti mwaciritsidwa, pitani mukapimitse, ndipo wokuuzani kuleka mankhwala akhale dokotala amene waona manambala. A shuga asasale cakudya tsiku lonse osafunsa a cipatala, cifukwa shuga angatsike kwambiri munthu nakomoka. Mpingo sukakamiza odwala kusala.

ZA M'MBALE NDI ZA M'THUMBA

WHO ilangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira. Kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti munthu wa mu Zambia adya pafupifupi kuwirikiza kawiri mlingo umenewu. Kuno kwathu mcere ubisala m'malo ambiri: mu nsomba zoumitsa ndi mcere, mu kapenta, mu timibulu tokometsera ndiwo, mu soda wothira m'delele ndi m'cibwabwa, ndiponso mu kambale ka mcere kamene kafika pamphasa pamodzi ndi nsima. Nsomba ya mcere iviikidwe m'madzi ndipo madziwo atayidwe isanaphikidwe. Kambale kaja kacoke. Lilime lidandaula milungu iwiri kapena itatu, pambuyo pake lizolowera.

Wa shuga sanaletsedwe nsima, koma mtanda ukhale wocepa ndipo ndiwo zamasamba zicuruke. Ufa wa mgaiwa uposa woyera. Tiyi wa masupuni anai a shuga, zakumwa za m'mabotolo, maheu ndi munkoyo wothira shuga, zonsezi zikweza shuga msanga. Ife a ku Chanyanya tili ndi mwai umene a m'tauni alibe: repu, cibwabwa, kalembula, impwa, nyemba, nshawa ndi nsomba zaziwisi zili pakhomo. Kulakwa kwathu ndi kugulitsa zonse, tokha n'kutsala ndi mabanzi ndi zonona.

Fodya aononga mitsempha, kaya ndi wa m'sitolo, wa balani kapena nsunko ya amai. Mowa wambiri, makamaka kacasu, ukweza BP ndipo usokoneza shuga. Pali cinanso cimene alimi ambiri sadziwa. Mapiritsi a msana ndi mawondo amene tigula pa kantemba, monga brufen ndi diclofenac, akamwedwa masiku ambiri akweza BP ndipo apweteka impso. Wa BP kapena shuga afunse kaye ku kiliniki asanawazolowere.

Amene alima ndi khasu ayenda mokwanira. Koma ogulitsa pa msika, oyendetsa motoka, osoka ndi okalamba amene akhala tsiku lonse pa mpando, ayesetse kuyenda mwandawala mphindi 30 pa tsiku.

ZIZINDIKIRO ZA SITIROKO NDI ZOYENERA KUCITA

Sitiroko ibwera mwadzidzidzi, ndipo aliyense, ngakhale mwana wa sukulu, angaizindikire poyesa zinthu zitatu. Muuzeni munthuyo amwetulire, muone ngati pakamwa papotokera mbali imodzi. Muuzeni akweze manja onse awiri, muone ngati limodzi ligwa. Muuzeni achule dzina lake ndi la mudzi wake, mumve ngati mau apindika kapena asowa. Cimodzi cokha mwa zitatuzi cikwanira kuti munyamuke. Zizindikiro zina ndi kusaona mwadzidzidzi, kudzandira, dzanzi mbali imodzi ya thupi, ndi mutu woopsa umene munthu sanaumvepo.

Nthawi zina zizindikirozi zibwera ndi kutha zokha pakapita mphindi zocepa. Musati zapita. Imeneyo ndi cenjezo, ndipo sitiroko yaikulu ingatsatire m'masiku ocepa. Pitani ku cipatala tsiku lomwelo.

Mukaona zizindikiro, yang'anani nthawi ndi kuisunga, pakuti dokotala adzafunsa kuti zinayamba nthawi yanji. Mankhwala osungunula magazi oundana, kumene apezeka, aperekedwa mkati mwa maola anai ndi theka cabe. Ngakhale kumene kulibe, kufika msanga kupulumutsa moyo, cifukwa a cipatala ayang'anira BP, shuga, kapumidwe ndi kamezedwe ka wodwala. Mugonekeni cam'mbali, mutu utakwezedwa pang'ono, ndipo m'masuleni zobvala zothina. Musamupatse madzi, phala, mankhwala a zitsamba kapena piritsi liri lonse. Sitiroko isokoneza kumeza, ndipo cimene mwamumwetsa cingalowe m'mapapu ndi kuyambitsa cibayo, cimene capha odwala sitiroko ambiri. Musamupatse aspirin, pakuti ngati mtsempha waphulika aspirin aonjezera kukha magazi. Kusiyanitsa mitundu iwiri ija kufuna makina ojambula m'mutu a CT scan, monga amene ali ku UTH ndi ku cipatala ca Levy Mwanawasa ku Lusaka.

Nyamulani khadi la ku kiliniki ndi mapaketi onse a mankhwala. Ngati wodwala ndi wa shuga, nenani msanga, cifukwa shuga akatsika kwambiri aonetsa zizindikiro zofanana ndi sitiroko, ndipo anamwino angapime pa cala ndi kuthandiza nthawi yomweyo. Wa shuga amene akunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva njala, koma akulankhula ndi kumeza bwino, angapatsidwe madzi a shuga. Koma ngati pakamwa papotoka kapena wakomoka, pakamwa pasalowe kanthu. Mapemphero acitikire m'motoka, ulendo uli mkati.

WODWALA AKABWERA KUNYUMBA

Sitiroko yapasula mabanja ambiri cifukwa ca kulozana zala. Munthu akagwa kumunda, maso onse apita kwa agogo ena okhala okha kapena kwa mbale amene anakangana naye za colowa. Ndalama zimene zikanalipira motoka zithera kwa ng'anga, ndipo udani utsala ku mibadwo. Tisanafunse kuti wamulodza ndani, tifunse kuti BP yake inapimidwa liti.

Wodwala akatuluka m'cipatala nchito ndiye yayamba. Wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri alionse kuti asacite zilonda za pamsana. Adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, cakudya cofewa. Dzanja ndi mwendo wofooka ziongoledwe ndi kupindidwa tsiku liri lonse monga a fizo aphunzitsira, ndipo musamukoke ndi dzanja lofookalo pomudzutsa. Kucira kwambiri kucitika m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, conco si nthawi yomubisa m'nyumba. Lankhulani naye ngati munthu wamkulu ngakhale iye sayankha, pakuti ambiri amamva zonse. Ndipo mankhwala a BP ndi shuga asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Tisaiwale womusamalira, amene kawirikawiri ndi mkazi kapena mwana wamkazi. Nayenso atopa, nayenso ali ndi munda. Mutu umodzi susenza denga.

MPINGO NDI MAKOPARETIVU ANGACITEPO CIANI?

M'zaka zobvuta za AIDS mipingo yathu inaimika magulu osamalira odwala kunyumba, ndipo anagwira nchito yotamandika. Magulu omwewo, pamodzi ndi amai a Santa Anna, a Cigwirizano, a Dorika ndi mabungwe a abambo, angathe kunyamulanso katundu uyu.

Makina opimira BP a mabatire agulitsidwa m'mafamasi, ndipo mpingo kapena koparetivu ingasonkhe ndi kugula amodzi. Pemphani a ku kiliniki aphunzitse anthu awiri kapena atatu kapimidwe koyenera: munthu akhale pansi mphindi zisanu, asalankhule, dzanja litatsamira pa tebulo, ndipo apimidwe kawiri. Sondo imodzi pa mwezi, mapemphero atatha, anthu apimidwe, manambala alembedwe m'kabuku ka munthu aliyense. Wopezeka pa 140/90 kapena kuposa atumizidwe ku kiliniki. Wopezeka pa 180/110 apite tsiku lomwelo. Opimawo si madokotala ndipo sapereka mankhwala, nchito yao ndi kupeza ndi kutumiza.

Abambo ndiwo abvuta, cifukwa amai apimidwa ku sikelo pamene abambo afika ku cipatala atanyamulidwa. Tsono makinawo afike kumene abambo asonkhana: pa tsiku lolandira feteleza, pa msonkhano wa koparetivu, pa doko. Miyezi ya December mpaka February, pamene boma litseka usodzi, asodzi ali pamudzi ndipo alibe cifukwa cozembera.

Mudzi uliwonse ukhalenso ndi manambala a foni a eni motoka awiri kapena atatu amene abvomera kudzutsidwa usiku, ndi kathumba ka ndalama za mafuta kosungidwa ndi msungicuma. Tisonkha msanga za bokosi ndi za ufa wa pa maliro. Tingathe kusonkhanso za ulendo wa munthu akali moyo.

Pa kalendala pali masiku atatu otikumbutsa: 17 May ndi tsiku la BP, 29 October la sitiroko, ndipo 14 November la shuga. Abusa, ansembe ndi akatekisiti angaike mau awiri pa zolengeza za Sondo yoyandikana ndi masiku amenewa.

Bambo aja tinayamba nao tsopano salumpha tsiku la ku kiliniki. Mdzukulu wao awakweza pa njinga, kabuku ka manambala kali m'thumba la shati. Mapiritsi amene amwa lero ndi omwe aja anawaponya m'kabati. Inu amene mwawerenga nkhaniyi, ngati mwapitirira zaka 40 ndipo caka cino simunapimitse, pitani sabata ino, ndipo mutengeko amuna anu, akazi anu kapena makolo anu. Ngati muli ndi mankhwala amene munaleka, musayambe nokha. Pitani nao ku kiliniki, mukapimidwe, ndipo anamwino akuuzeni poyambira.